Gitala Yamagetsi Yopanga Tokha: Thabwa la Kwathu, Muyeso Wosaphonya

[NYIMBO YOTSEGULIRA: banjo. Itsike pang'onopang'ono.]

WOULUTSA: Monire mose a ku Uraha, a ku Chilumba, a ku Uliwa, a ku Hara, ndi inu asodzi amene mukumvera uku mukusoka maukonde pagombe. Lero tikamba za gitala yamagetsi, momwe munthu angaipangire ndi manja ake, kuyambira pa thabwa mpaka pa chingwe chopita ku ampu. Tengani pensulo ndi pepala, chifukwa pali manambala amene ndiwatchule, ndipo ena ndiwabwereza.

Dzina la Uraha linamveka kutali mu 1991, pamene gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linatola kumeneko nsagwada ya munthu wakalekale. Anaitcha UR 501, ndipo akatswiri amati ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mwini nsagwadayo anakhala ndi moyo m'nyengo imene anthu ankasema miyala kuti ikhale zida. Ndiye mnyamata wa ku Uraha akanena kuti apanga yekha gitala, inu amalume musamuseke. Kupanga chida ndi manja sikunayambe dzulo.

Ndipo zida zoimbira timapanga kale. Agogo athu a m'mbali mwa nyanja ataona mabandi a asilikali akuimba malipenga amkuwa, anatenga zipanda, naziboola, n'kupeza malipenga awoawo amene timavina nawo mpaka lero. Banjo ya chigubu, yomanga ndi waya wa buleki ya njinga, inalera oimba ambiri m'dziko muno. Allan Namoko wa ku Thyolo anamveka ndi banjo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni ya nsambo imodzi, yotalika pafupifupi mamita 3, yokhala ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe, koma babatoni ndi gitala yawo ya nsambo zinayi zawafikitsa ku Ulaya.

Amene anapangapo banjo, theka la ntchito ya lero akulidziwa kale. Theka linalo ndi limene tikambirane: muyeso, ndi tizitsulo tochepa timene tiyenera kusankha mwanzeru. Gitala yamagetsi imakoma kapena kuipa chifukwa cha zinthu ziwirizi. Penti ndi maonekedwe zimabwera pambuyo.

[KULIRA: nsambo imodzi ya gitala yosalumikiza, kenako yomweyo yolumikiza ku ampu.]

WOULUTSA: Mwamva kusiyana? Nsambo ndi yomweyo. Poyamba inangonong'ona, kachiwiri yadzaza chipinda. Gitala wamba, ya bokosi, imakuza mawu ndi thabwa lake lopyapyala ndi mphanga ya m'kati. Yamagetsi siifuna mphanga. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pikapu. M'kati mwake muli maginito, ndipo maginitowo anawakulunga ndi waya wamkuwa wopyapyala kwambiri, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu waya uja mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri, tonjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Amene munakwerapo njinga ya dayinamo mukudziwa: tayala likazunguza maginito pafupi ndi waya, nyali imayaka. Nzeru yake ndi yomweyo. Timagetsi tija timatsika ndi chingwe kupita ku ampu, ampu n'kutikuza, sipika n'kulira.

Apa pali phunziro loyamba. Nsambo za nayiloni, kapena ulusi wa mbedza, sizilira pa pikapu ya maginito, chifukwa maginito sagwira pulasitiki. Nsambo zikhale zachitsulo.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti thupi la gitalayi likhoza kukhala thabwa chabe. Cha m'ma 1940, woimba wa ku America, Les Paul, anatenga mtanda wa paini wa masentimita 10 mbali zonse, n'kumangapo khosi, nsambo ndi mapikapu. Kenako anamamatiza m'mbali zidutswa za gitala ina kuti chioneke ngati gitala pamaso pa anthu. Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala ambirimbiri lero, anali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California, ndipo sanali woimba gitala. Mu 1950 anatulutsa gitala ya thabwa lathyathyathya, khosi lake lomanga ndi masikuluu anayi, kuti likawonongeka munthu angomasula n'kuikapo lina. Imeneyo ndi imene inadzatchedwa Telecaster. Kwa woyamba kumene, mtundu umenewu ndiwo woyenera kutsanzira: mulibe zokhotakhota zambiri, ndipo kalipentala aliyense wa pa Uliwa akhoza kudula thupi lake.

Ku England, Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga gitala yake mu 1963 mothandizana ndi bambo ake. Khosi analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo owothera moto, ndipo masipuling'i ena anawachotsa mu injini ya njinga yamoto. Gitala yomweyo ndi imene wakhala akuimba m'mabwalo akuluakulu kwa zaka zoposa 50.

[NYIMBO: masekondi 20. Itsike.]

WOULUTSA: Tsopano pensulo m'manja. Musayambe ndi kudula thabwa. Yambani ndi pepala lalikulu, ngakhale la thumba la simenti mutalitambasula bwino. Jambulani mzere umodzi wowongoka pakati, kuchokera kumutu kwa gitala mpaka kumatako kwake. Chilichonse chimene mudzaboole kapena kumanga, mudzayeza kuchokera pa mzere umenewu.

Pa mzerewo ikani madontho awiri. Loyamba ndi pa nati, kachidutswa kolimba kaja ka kumutu komwe nsambo zimadutsa m'timipata. Lachiwiri ndi pa buliji, chitsulo chimene nsambo zimatsamira pa thupi. Mtunda wa pakati pa madontho awiriwa ndiwo utali wa nsambo yolira. Pa magitala ambiri a Fender ndi mamilimita 648. Pa a Gibson ndi pafupifupi mamilimita 628. Yaitaliyo imakhala yokungika ndipo imalira mowala. Yaifupiyo imafewa ku zala. Lero titenga 648. Lembani: mamilimita 648.

Kenako mafuleti, tizitsulo topingasa tija ta pakhosi. Apa ndi pamene banjo zambiri zimasochera. Wopanga amayeza ndi maso, ndiye ukaimba pafupi ndi mutu zimakoma, ukakwera m'mwamba mawu n'kuphonya. Banjo ikamaimba yokha, khutu limakhululuka. Koma gitala yamagetsi idzaima pambali pa kiyibodi ya kutchalitchi, ndipo kiyibodi sikhululuka.

Lamulo lake ndi nambala imodzi: 17.817. Ndibwereze: 17.817. Tengani utali wa nsambo, mugawe ndi nambala imeneyi pa kakyuleta ya mufoni. 648 kugawa ndi 17.817, mupeza mamilimita 36.4. Fuleti yoyamba ikhale pamenepo kuchokera pa nati. Chotsani 36.4 pa 648, yotsalayo mugawenso ndi 17.817, mupeza 34.3. Umenewo ndi mtunda wochoka pa fuleti yoyamba kufika pa yachiwiri. Pitirizani chomwecho mpaka fuleti ya nambala 21 kapena 22.

Koma poika madontho pa thabwa, musamayeze kuchoka pa fuleti ina kupita pa inzake, chifukwa kaphonyedwe kakang'ono ka pa iliyonse kamaunjikana. Phatikizani manambala, ndipo nthawi zonse muziyeza kuchokera pa nati. Nawa oti mudziyese nawo: fuleti yachiwiri pa mamilimita 70.7, yachisanu pa 162.5, ya nambala 7 pa 215.5; ya nambala 12 pa 324. Mwaona? 324 ndi theka lenileni la 648. Ngati masamu anu sakukufikitsani pa theka pa fuleti ya nambala 12, penapake mwalakwitsa. Bwererani sowo isanakhudze thabwa. Gwiritsani lula yachitsulo, osati tepi ya telala imene imatambasuka. Aphunzitsi a masamu a ku sekondale ya masana, nayi ntchito yabwino yopatsa ana a Fomu 2.

[KULIRA: sowo ikudula thabwa, kenako kugogoda kwa hamala.]

WOULUTSA: Tibwere ku matabwa. Mbawa yathu ino, amene amapanga magitala kunja amaiitanitsa kuchokera ku Africa kuno, chifukwa imasemeka bwino ndipo si yolemera mopitirira. Mlombwa sukonda kupindika ukauma, choncho ndi wabwino pa khosi. Malaina ndi paini wa ku Chikangawa ndi zopepuka, zimakwana pa thupi. Magitala oyamba a Fender enanso anali a paini. Thupi likhale lochindikala pafupifupi mamilimita 45. Ngati mulibe thabwa lalikulu, phatikizani awiri kapena atatu ndi guluu wa matabwa, muwapane mwamphamvu usiku wonse.

Mbawa, mlombwa ndi phingo ndi mitengo yachilengedwe imene ikutha, ndipo kuidula kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Komanso mtengo wogwetsa lero sungapange gitala chaka chino. Funani chitseko chakale, bedi lothyoka, benchi imene inasiya ntchito. Thabwa limene lakhala m'nyumba zaka zambiri linamaliza kupindika kwake. Ngati mwagula la ku msika, liikeni pamthunzi, podutsa mphepo, osati padzuwa la Karonga limene lingaling'ambe. Muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse. Likasiya kupepuka kwa masabata angapo, ndiye kuti lauma.

Khosi ndilo limasenza katundu. Nsambo 6 zachitsulo zikakungidwa, zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 45, usana ndi usiku, kaya mukuimba kaya gitala yangopachikidwa pakhoma. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi amagonekamo ndodo yachitsulo yotchedwa truss rod, yokhala ndi nati yakeyake yachitsulo yomanga kapena kumasula kuti khosi liwongoke. Mukaipeza yogula, gulani. Ikasowa, semani kangalande pakati pa khosi, mugonekemo chitsulo chowongoka ndi guluu wolimba, kenako mumate pamwamba thabwa la zala. Nzeru ina ndi kupanga khosi ndi timatabwa titatu tophatikiza mulitali, kapakati kotembenuza, kuti kena kakafuna kupindikira kumanja kanzake kakakanize. Sankhani thabwa la mizere yowongoka, lopanda mfundo.

Pa nati, khosi likhale lotambalala mamilimita 42 kapena 43. Nati yeniyeniyo musagule: fupa la mwendo wa ng'ombe, lowiritsa bwino kuti mafuta achoke, louma, losema ndi fayilo, limaposa pulasitiki ya m'sitolo. Ng'ombe kuno ku Karonga sizisowa.

Malo olowa khosi pa thupi asemedwe mothina, akuya pafupifupi mamilimita 16, khosi lizilowa mochita kukankha. Musanaboole za masikuluu anayi aja, kokani ulusi kuchokera pakati pa nati mpaka kumatako, muone ngati ukugona pa mzere wanu wa pakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khosi likapotoka pang'ono, nsambo ya kumapeto imagwera kunja kwa thabwa.

[NYIMBO: gitala yamagetsi yoimba yokha, masekondi 20.]

WOULUTSA: Tafika pa za ndalama. Zitsulo zake ndi ziti, ndipo ndi ziti zoyenera kuwonongerapo kwacha?

Choyamba, makiyi ochunira. Banjo timaichuna ndi tizikhomo tamtengo, koma nsambo zachitsulo zokungika zimafuna makiyi a magiya. Pogula, zunguzani kiyi iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamayenda kaye pachabe isanagwire, isiyeni. Gitala yomasuka pakati pa nyimbo imachititsa manyazi woimba waluso.

Chachiwiri, waya wa mafuleti. Ena amadula masipoko a njinga kapena waya wamkuwa, ndipo pa banjo zimatheka. Koma waya weniweni uli ndi kamwendo ka mano kolowa mu mpata umene mwacheka, ndipo msana wake ndi wofanana paliponse. Mukamaliza kukhoma, gonekani lula yachitsulo pamwamba pake. Fuleti imodzi ikatukuka, nsambo imaigunda n'kumalira ngati njuchi. Itsitseni ndi fayilo mpaka onse afanane.

Chachitatu, buliji. Pa gitala yoyamba pewani ija ya kandodo kogwedeza mawu. Ili ndi masipuling'i, imafuna kusema dzenje lalikulu kumsana, ndipo imasokoneza machunidwe. Tengani yongomanga ndi masikuluu pa thabwa, koma yokhala ndi tizitsulo tosuntha, kamodzi pa nsambo iliyonse kapena pa nsambo ziwiriziwiri. Chifukwa chake n'chakuti nsambo zonenepa zimafuna kutalika pang'ono kuposa 648 uja, mwina ndi mamilimita awiri kapena atatu. Poyesa, imbani nsambo osaigwira, kenako muigwire pa fuleti ya nambala 12. Mawu akhale amodzimodzi, achiwiriwo okwera chabe. Akakwera mopitirira, bwezani kachitsulo kumbuyo kuti nsambo italike. Akaperewera, kasunthireni kutsogolo. Mafoni ambiri lero amatha kukhala ndi pulogalamu yochunira gitala, idzakuthandizani. Pa fuleti yomweyo, mpata wa pakati pa nsambo ndi chitsulo ukhale pafupifupi mamilimita 2 ku nsambo yonenepa, ndi 1.5 ku yopyapyala.

Chachinayi, pikapu. Ilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Ya koyilo imodzi, kutanthauza mkulungo umodzi wa waya uja, imalira mowala, nsambo iliyonse n'kumamveka payokha, monga timamvera m'magitala a rumba ndi sungura. Vuto lake imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, kung'ung'uza kuja kumene mumamva woimba akasiya kuimba. Mu 1955, Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anakonza ya makoyilo awiri oyang'anizana mosiyana, kuti phokoso lolowa mu ina lifafanizidwe ndi inzake. Imeneyo imatchedwa humbucker. Mawu ake ndi onenepa, ndipo ndi yabwino kumalo oimbira ndi jenereta. Malo oika pikapu nawonso amasintha mawu: pafupi ndi buliji ndi akuthwa, pafupi ndi khosi ndi ofewa. Ngati ndalama zikungokwana imodzi, imodziyo ikukwanirani.

Kodi munthu angakulunge yekha pikapu? Angathe, koma waya wake ndi wa mamilimita 0.06, umaduka ndi kungotsokomola, ndipo waya wa m'matiransifoma akale nthawi zambiri umakhala wonenepa kuposa pamenepo, choncho mawu amatuluka ofooka. Pa gitala yoyamba, gulani kapena chotsani pa gitala yakufa. M'matchalitchi ndi m'nyumba za oimba muli magitala amene khosi linapindika kalekale, koma makiyi, buliji ndi mapikapu zikadali zamoyo. Kapempheni mwaulemu kwa akuluampingo, kapena mugule motchipa. Mukafika ku Mzuzu, ku Lilongwe, kapena mukatuma amene amakaoda katundu ku Mbeya, mulembereni papepala chimene mukufuna ndi muyeso wake. Ndipo chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: chitsulo chonyezimira ngati golide sichitanthauza kuti ndi cholimba. Pikapu yakale iyeseni kwa wokonza mawailesi ndi mita yake. Ya koyilo imodzi imaonetsa maohmu pakati pa 5,000 ndi 8,000. Mita ikapanda kusuntha, waya unaduka m'kati.

Zotsala ndi zazing'ono: kozunguza ka voliyumu, ka toni, ndi jeki yolowetsa chingwe, ya mamilimita 6.35. Pa koyilo imodzi tengani zozunguza zolembedwa 250K. Pa humbucker, 500K. Mawaya onse awotchereredwe, osati kungopota ndi zala n'kumata tepi. M'dzenje la mawaya matani pepala lonyezimira lija lokutira zakudya, mulilumikize ku waya wa efu, wothawitsira magetsi pansi, phokoso lichepa. Ndipo musaiwale kawaya kochoka pansi pa buliji kupita kumsana kwa voliyumu. Kakasowa, gitala imang'ung'uza osaleka.

Nanga inu a banjo ya chigubu amene mukungofuna kuti imveke pa sipika? Pali kachitsulo kozungulira ngati ndalama, kotchedwa piezo, kopezeka m'zipangizo zolira piii monga mawotchi a alamu. Kamateni pa chigubu pafupi ndi buliji, mulumikize mawaya ake awiri ku jeki. Iko sikafuna maginito, kamangomva kunjenjemera kwa chigubu. Mungoima patali ndi sipika kuti isalire mluzu.

[KULIRA: kung'ung'uza kwa ampu, kenako kuzime.]

WOULUTSA: Amayi ndi abambo amene ana anu akufuna kuyamba zimenezi, mvetserani apa. Gitala payokha ilibe magetsi oti n'kupweteka munthu. Ngozi imachokera ku ampu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo nsambo zimene mwana wagwira ndi zolumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera m'kawaya ka buliji kaja. Ampu ikakhala ndi vuto m'kati ndipo ilibe efu, magetsiwo amadzera mwa woimba. Mu 1972, woimba gitala Leslie Harvey anafera pa siteji ku Swansea, anthu akuona, atagwira maikolofoni imene inali ndi magetsi chifukwa chosowa efu. Choncho pulagi ikhale ya mano atatu, onse olumikiza. Osalowetsa mawaya osenda mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Osaimba wopanda nsapato pa simenti yonyowa. Mukamva kuluma pa mlomo pogunda maikolofoni, zimitsani zonse nthawi yomweyo, muitane wodziwa za magetsi. Kumidzi komwe kulibe magetsi a ESCOM, ampu yaing'ono ya batire ya mavoti 12, yotchaja ndi sola, ndi yokwanira ndipo ndi yotetezeka.

Mawu omaliza pa za kasamalidwe. Kuno kunyanja kumatentha, thukuta ndi chinyezi zimadya chitsulo. Mukamaliza kuimba, pukutani nsambo ndi kansalu kouma. Thabwa lonse lipakidwe vanishi, ngakhale m'maenje momwe maso safika, kuti dzinja likabwera lisamwe chinyezi. Koma musanapake kalikonse, mangani gitala yonse ili yoyera, muikunge, muiimbe sabata yathunthu. Cholakwika chikonzedwe thabwa likadali losapaka. Penti ya galimoto, dzina la bandi ndi maluwa, zonsezo pomaliza.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: pezani pepala ndi lula yachitsulo, jambulani mzere wa pakati, muwerengere mafuleti onse kuchokera pa 648, ndipo muone ngati ya nambala 12 yagwa pa 324. Muyambenso kufunsa kwa achibale za chitseko kapena bedi lakale. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za ampu ya batire, ndi momwe mungasandutsire wailesi yakale kukhala chokuzira mawu.

[NYIMBO YOTSEKERA. Ikwere, kenako ithe.]